Kompyuta M'kati mwa Kompyuta: Kagawidwe ka Mphamvu za Laputopu Imodzi

Laputopu imodzi ikhoza kuyendetsa makompyuta awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, iliyonse ili ndi mafayilo akeake, mawu akeake achinsinsi ndi adiresi yakeyake pa netiweki, ngakhale kuti wokonza makompyuta atamasula zomangira n'kusuzumira m'kati mwake angapezemo purosesa imodzi yokha ndi disiki imodzi yokha. Makompyuta owonjezerawo si a zitsulo ndi mawaya, koma ndi oyerekezera, popeza amapangidwa ndi pulogalamu imene imapatula gawo la mphamvu za kompyuta yeniyeni n'kulionetsa ngati makina athunthu oima paokha. Kompyuta yotereyi imatchedwa virtual machine, ndipo amene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku amangoti VM. Pulogalamu imene imaipanga ndi kuiyang'anira imatchedwa hypervisor, kompyuta yeniyeni imatchedwa host, kutanthauza wolandira alendo, pamene yoyerekezerayo imatchedwa guest, kutanthauza mlendo.

Luso limeneli lili ndi phindu lapadera m'komboni ngati Mtendere, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Kalingalinga ndiponso kufupi ndi University of Zambia, kumene wophunzira za makompyuta kawirikawiri amakhala ndi laputopu imodzi yokha, yogula yakale m'mashopu a m'tauni, imene amalemberapo ntchito za kusukulu ndipo mwina abale ake amaigwiritsanso ntchito madzulo. Wophunzira wotereyu sangayerekeze kufufuta Windows kuti ayesere Linux, ndiponso alibe ndalama zogulira makompyuta atatu ophunzirira netiweki, koma VM imam'patsa malo oyeserera, olakwitsira ndi oyambiranso popanda kuika mafayilo a banja lonse pachiswe. Komabe mfundo imene iyenera kumveka poyambirira ndi yakuti VM siwonjezera kanthu pa zimene kompyuta ili nazo. Zimakhala ngati landilodi wa ku Mtendere amene wadula nyumba yake ndi khoma kuti apeze chipinda cha lendi: zipinda zachuluka, koma malo ndi omwe aja, ndipo mayuniti a magetsi amene mabanja onse akugwiritsa ntchito akuchokera pa mita imodzi. N'chifukwa chake makonzedwe a VM, ndiye kuti manambala ndi zosankha zimene munthu amaika poipanga, sayenera kungokoperedwa kwa ena, koma ayenera kuchokera pa kuyeza kompyuta imene ilipo ndi ntchito imene ikufunika.

Kumene luso limeneli linachokera

Maganizo ogawa kompyuta imodzi kukhala makompyuta angapo anabadwa chifukwa cha kusowa. M'zaka za m'ma 1960 kompyuta inali makina odzaza chipinda, odula kwambiri moti ofufuza ankadikirira pamzere kuti ntchito yawo ilowe. Akatswiri a kampani ya IBM ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anapanga pulogalamu yotchedwa CP-40, imene inayamba kugwira ntchito mu 1967 ndipo inkatha kuyendetsa makompyuta oyerekezera 14 pa nthawi imodzi, ndipo mu 1972 kampaniyo inalengeza pulogalamu ina ya mtundu womwewo ya makasitomala ake, yotchedwa VM/370. Mu 1974 Gerald Popek ndi Robert Goldberg anafotokoza zinthu zitatu zimene hypervisor yeniyeni iyenera kukwaniritsa: pulogalamu iziyenda mu VM monga mmene ikanayendera pa kompyuta yeniyeni, hypervisor ndiyo izikhala ndi ulamuliro wonse pa zipangizo, ndipo malangizo ambiri a mlendo azifika ku purosesa mwachindunji kuti liwiro lisatsike kwambiri.

Mapurosesa a makompyuta a pa desiki sanapangidwe ndi cholinga chimenechi, ndipo panapita zaka kuti luso la makina akuluakulu aja lifike pa kompyuta ya munthu wamba. Kampani ya VMware, imene inakhazikitsidwa mu 1998, inatulutsa VMware Workstation mu 1999, ofufuza a pa University of Cambridge ku England anatulutsa Xen mu 2003, ndipo makampani opanga mapurosesa anatsatira pambuyo pake poika thandizo lapadera m'kati mwa purosesa momwemo, limene Intel inalitcha VT-x mu 2005 ndipo AMD inalitcha AMD-V mu 2006. M'chaka cha 2007 hypervisor yotchedwa KVM inalowa m'kati mwa Linux, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya ku Germany ya Innotek inapereka VirtualBox kwaulere, isanagulidwe ndi Sun Microsystems mu 2008, imenenso inagulidwa ndi Oracle mu 2010. Ma hypervisor amenewa amagawidwa m'magulu awiri, ena amene amakhala mwachindunji pa zitsulo za seva popanda sisitimu ina pansi pake, monga Xen, ndi ena amene amaikidwa ngati pulogalamu wamba pa Windows, pa Linux kapena pa macOS, monga VirtualBox. Nkhani ino ikutsamira pa VirtualBox chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda pa malaputopu akale, ngakhale kuti mfundo zake zimagwiranso ntchito pa VMware Workstation, imene inakhalanso yaulere mu 2024.

Kusowa kumene kunabala luso limeneli n'kodziwika bwino ku Zambia. Dzikoli linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mu Zamnet, kampani imene inabadwira pa University of Zambia, koma patapita zaka zoposa 20, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies mu 2015, masukulu ambiri anali ndi makompyuta ochepa moti ana ankalemba mosinthana mpaka usiku. Kumene makompyuta ndi ochepa chotere, kudziwa kugwiritsa ntchito imodzi ngati zingapo ndi luso lopezera chakudya.

Kuyeza kompyuta yeniyeni

Ntchito imayamba VirtualBox isanatsegulidwe n'komwe. Pa Windows, pulogalamu ya Task Manager ili ndi tsamba lotchedwa Performance, limene limaonetsa kuchuluka kwa RAM, kuchuluka kwa ma core a purosesa, mtundu wa disiki, ndiponso mzere wina wolembedwa Virtualization umene umanena ngati thandizo la VT-x kapena AMD-V lili lotsegula. Malaputopu ambiri akale a m'maofesi amafika thandizoli lili lotseka, ndipo VM imakana kuyaka mpaka mwini wake atalowa mu BIOS, pulogalamu yaing'ono imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, Windows isanabwere. Pa malaputopu ambiri a HP munthu amalowamo podina F10, pa Dell podina F2, ndipo pa Lenovo ThinkPad podina F1, kenaka amafufuza mzere wonena za Virtualization Technology n'kuutsegula. Vuto lina limabwera pamene Windows yayatsa kale hypervisor yakeyake, yotchedwa Hyper-V, chifukwa zikatero VirtualBox imakakamizika kudutsira mwa iyo, imayenda pang'onopang'ono, ndipo imaonetsa kachithunzi ka kamba wobiriwira pansi pa zenera la VM.

Chofunika chachiwiri ndi fayilo ya ISO, imene ndi chithunzi chathunthu cha DVD yoikira sisitimu, ndipo pano mtengo wa bando ya intaneti umalowa m'masamu. Fayilo ya Ubuntu 24.04 ya pa desiki ndi ya pafupifupi 6 GB, ya Ubuntu Server, imene ilibe zithunzi ndi mazenera koma malo olembapo malamulo okha, ndi pafupifupi theka la imeneyo, pamene fayilo yaing'ono ya Debian sifika 1 GB koma imakoka zotsalazo pa intaneti pamene ikuikidwa. Anthu amene amagula mabando a MTN, Airtel kapena Zamtel amapeza kuti n'kwanzeru kuti mmodzi akoke fayiloyo kumene kuli Wi-Fi, ena onse akopere pa fulashi. Fayilo yoyenda m'manja mwa anthu ambiri chotere iyenera kutsimikiziridwa, chifukwa ikhoza kukhala yoduka kapena yosinthidwa. Opanga sisitimu amasindikiza pa webusaiti yawo nambala yaitali yotchedwa SHA256, imene imawerengeredwa kuchokera ku zonse zimene zili m'fayiloyo, ndipo lamulo la Get-FileHash pa Windows kapena la sha256sum pa Linux limawerengera nambala ya fayilo imene munthu ali nayo. Manambala awiriwo akasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, fayiloyo siyenera kugwiritsidwa ntchito.

Kugawa RAM ndi purosesa

RAM ndi malo amene kompyuta imasungapo zimene ikugwirira ntchito pa nthawi imeneyo, ndipo pa makonzedwe onse a VM, kagawidwe kake ndi kamene kamaonetsa msanga ngati munthu walakwitsa. RAM imene yaperekedwa kwa mlendo imachoka m'manja mwa wolandira pamene VM ikuyenda, moti wopereka mopitirira amasiya Windows ilibe popumira, ndipo ikatero imayamba kusunga zinthu pa disiki, imene ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, mpaka wolandira ndi mlendo yemwe amauma pamodzi. Chitsanzo chabwino ndi laputopu ya Core i5 yokhala ndi RAM ya 8 GB, mtundu umene umapezeka kwambiri pakati pa malaputopu akale. Windows pamodzi ndi burawuza yotsegula masamba angapo zimadya mosavuta 4 GB, kutanthauza kuti zimene zingagawidwe kwa alendo onse pamodzi sizipitirira 4 GB. VirtualBox imafunsa nambalayi mu MB, ndipo popeza 1 GB ndi 1024 MB, mwini laputopuyo akhoza kupereka 4096 MB kwa Ubuntu 24.04 ya pa desiki, imene opanga ake amati imafuna 4 GB, n'kukhala ndi VM imodzi yokha, kapena akhoza kupanga ma VM awiri a Ubuntu Server a 2048 MB iliyonse, amene angalankhulane ngati maseva awiri a mu ofesi. Pa laputopu ya 4 GB njira yokhayo yanzeru ndi mlendo wopepuka wopanda zithunzi, kapena mtundu wa Linux wopangidwira makompyuta ofooka monga Lubuntu.

Purosesa imagawidwa mosiyana pang'ono, chifukwa wolandira ndi mlendo amaigwiritsa ntchito mosinthana. Purosesa iliyonse ili ndi ma core, amene ndi timagawo tochita masamu patokha, ndipo mapurosesa ambiri a Intel amaonetsa core iliyonse ngati ziwiri mwa njira yotchedwa hyper-threading. Ma Core i5 ambiri a m'malaputopu, kufikira m'badwo wa 7, ali ndi ma core enieni 2 okha ngakhale kuti Windows imaonetsa 4, pamene a m'badwo wa 8 ali ndi ma core enieni 4. Buku la malangizo la VirtualBox limachenjeza kuti VM isapatsidwe mapurosesa oposa ma core enieni, ndipo pa laputopu ya ma core 2 mlendo wa core imodzi nthawi zambiri amayenda bwino kuposa wopatsidwa zonse, chifukwa wolandira amene amamutumikira pa disiki ndi pa netiweki amafunanso mpata wogwirira ntchito. Pali chinthu chinanso chimene sichioneka pa manambala, ndicho kutentha, popeza m'mwezi wa October ku Lusaka laputopu yakale yodzaza fumbi m'fani, yoikidwa pa bedi kapena pa sofa, imatentha msanga, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse.

M'badwo wa purosesa uli ndi tanthauzo linanso kuyambira pa 14 October 2025, pamene Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB, disiki ya 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kumbali ya Intel imavomereza makamaka mapurosesa a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Eni malaputopu akale amene akuganiza zosamukira ku Linux akhoza kuiyesa kaye mu VM kwa masabata angapo, aone ngati ntchito zawo zikutheka, asanafufute chilichonse.

Disiki ndi kuika sisitimu

Disiki ya VM ndi fayilo imodzi yaikulu imene imakhala pa disiki yeniyeni, ndipo mlendo amaiona ngati hadi disiki yakeyake. VirtualBox imagwiritsa ntchito mtundu wa VDI, VMware imagwiritsa ntchito VMDK, pamene Microsoft ili ndi VHD, ndipo amene alibe cholinga chosamutsira disikiyo ku pulogalamu ina alibe chifukwa chosiyira VDI. Chosankha chofunika kwambiri ndi chakuti fayiloyo itenge malo ake onse nthawi yomweyo, kapena iyambe yaing'ono n'kumakula pamene mlendo akulembamo. Njira yachiwiriyi ndiyo imathandiza pa laputopu ya disiki yaing'ono, chifukwa disiki yolembedwa kuti ndi ya 25 GB, kukula kumene Ubuntu ya pa desiki imafuna, imadya malo ochepa poyamba. Koma ili ndi msampha wake, popeza fayiloyo ikakula sibwerera yokha ngakhale mlendo atafufuta mafayilo, ndiponso ma VM angapo akhoza kulonjezedwa malo oposa amene disiki yeniyeni ili nawo, mpaka tsiku lina disikiyo idzaze VM ili pakati pa ntchito. Mtundu wa disiki yeniyeni nawonso umasintha zinthu kwambiri, moti pa laputopu yokhala ndi hadi disiki yozungulira, kuika SSD kumafulumizitsa VM kuposa kusintha kulikonse kwa makonzedwe.

Kuyambira mtundu wa 7.0, umene unatuluka mu October 2022, VirtualBox imadzipereka kuika sisitimu yokha popanda kufunsa mafunso, ndipo mu mtundu umenewo munthu akapanda kusintha kanthu imapanga wogwiritsa ntchito wotchedwa vboxuser wokhala ndi mawu achinsinsi akuti changeme, amene aliyense wodziwa pulogalamuyi amawadziwa. Wophunzira amapindula kwambiri akakana thandizo limeneli n'kuyankha mafunso onse yekha, chifukwa mafunso amenewo ndiwo phunziro lenileni. Awiri mwa iwo amaoneka ang'onoang'ono koma amavutitsa anthu ambiri. Loyamba ndi la nthawi, imene iyenera kuikidwa pa Africa/Lusaka, maola 2 patsogolo pa nthawi ya Greenwich, popeza koloko yolakwika imasokoneza zolemba za seva. Lachiwiri ndi la kiyibodi, chifukwa malaputopu akale amafika ku Zambia kuchokera ku mayiko osiyanasiyana, ndipo pa kiyibodi ya ku America kudina Shift ndi 2 kumatulutsa chizindikiro cha @, pamene pa ya ku Britain kumatulutsa chizindikiro chogwira mawu. Munthu amene waika chizindikiro cha @ m'mawu ake achinsinsi kiyibodi itasankhidwa molakwika amadzitsekera kunja kwa VM yake yomwe akadzakonza kiyibodiyo. Sisitimu ikaikidwa, chotsatira ndi Guest Additions, timapulogalamu toikidwa mwa mlendo timene timalola zenera kukula bwino, mbewa kuyenda momasuka pakati pa makompyuta awiriwo, ndi foda imodzi kugwiritsidwa ntchito ndi onse awiri.

Netiweki ndi bando

VirtualBox imapereka njira zingapo zolumikizira mlendo, ndipo iliyonse imayankha funso lakuti mlendoyo aonane ndi yani. Njira imene pulogalamuyi imabwera nayo imatchedwa NAT, imene imabisa mlendo kuseri kwa wolandira: mlendo amalandira adiresi ya 10.0.2.15, amafika pa intaneti kudzera mwa wolandira, koma makompyuta ena sangathe kumufikira. Njira ya Bridged imamuika pa netiweki yeniyeni ngati kompyuta ina iliyonse, ndipo amalandira adiresi yake kuchokera ku rauta, zimene zimathandiza pamene seva yoyesera iyenera kuonedwa ndi foni kapena laputopu ya mnzake, ngakhale kuti njirayi nthawi zina imavuta pa Wi-Fi. Njira ya Host-only imapanga netiweki ya wolandira ndi alendo ake okha, kawirikawiri ya maadiresi oyamba ndi 192.168.56, yopanda khomo lotulukira ku intaneti, pamene ya Internal Network imalumikiza alendo okhaokha, wolandira ali kunja. Amene akufuna kulowa mu seva yake ya pa NAT kudzera mu SSH, njira yotetezeka yolamulira kompyuta ya kutali polemba malamulo, amagwiritsa ntchito port forwarding, kuuza VirtualBox kuti zonse zofika pa khomo la 2222 la wolandira zizipita pa khomo la 22 la mlendo.

Kwa munthu wogwiritsa ntchito hotspot ya foni, pali chinthu chimodzi chimene mabuku olembedwa kumene intaneti ilibe malire satchula kawirikawiri. Windows ya wolandira ikhoza kuuzidwa kuti intaneti ndi yoyezera, ndipo ikatero imachepetsa zimene imakoka yokha, koma mlendo salandira uthenga umenewu, chifukwa iye amaona khadi loyerekezera la netiweki ya waya n'kuganiza kuti ali pa intaneti ya mu ofesi. Zotsatira zake n'zakuti mlendo wongoikidwa kumene amayamba kukoka zosintha zake mwakachetechete, ndipo bando yogulira ntchito ya sabata yonse ikhoza kutha madzulo amodzi. Njira yopewera ndi yosavuta: m'makonzedwe a netiweki muli kabokosi kolembedwa Cable Connected, ndipo kuchotsa chizindikiro m'kabokosiko kumafanana ndi kuzula waya, moti zosinthazo zimadikira mpaka laputopu itafika kumene kuli Wi-Fi.

Magetsi, snapshot ndi kusunga

Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa madzi a ku Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi kwa maola okwana 21 patsiku chakumapeto kwa chakacho. Anthu a m'makomboni a Lusaka akanena kuti malaiti apita, VM imene inali pakati polemba pa disiki imakumana ndi zimene kompyuta yeniyeni imakumana nazo ikazulidwa pa soketi, ndipo popeza disiki yake yonse ndi fayilo imodzi, kuwonongeka kwa fayiloyo kukhoza kutayitsa zonse. Laputopu ya batire yamoyo imadziteteza yokha kwa kanthawi, koma kompyuta ya pa desiki, kapena laputopu imene batire yake inafa kalekale, imafuna UPS, kabokosi ka batire kamene kamapatsa munthu mphindi zochepa zozimitsira bwino. M'makonzedwe a disiki mulinso chosankha chotchedwa Use Host I/O Cache, chimene chimalola wolandira kusunga kaye mu RAM zimene mlendo walemba asanaziike pa disiki, ndipo kumene magetsi amazima mosachenjeza chosankha chimenechi n'chabwino chikhale chotseka.

Zida ziwiri za VM zimagwirizana bwino ndi moyo wa magetsi osinthana. Choyamba ndi Save State, chimene chimalemba pa disiki zonse zimene zili mu RAM ya mlendo n'kumuimitsa pomwepo, kuti magetsi akabwera, ngakhale pakati pa usiku, ntchito ipitirire pamene inalekezera popanda kutaya nthawi poyatsanso. Chachiwiri ndi snapshot, chizindikiro cha mmene VM inalili pa mphindi inayake, chimene munthu angabwerereko akawononga zinthu. Snapshot ikatengedwa, VirtualBox imasiya kulemba pa disiki yakale n'kuyamba kulemba zosintha zonse m'fayilo ina yatsopano, ndipo kubwerera m'mbuyo kumangotanthauza kutaya fayilo yatsopanoyo. Nthawi yabwino yoitengera ndi pamene sisitimu yangoikidwa kumene, ndiponso musanachitike chilichonse choopsa. Ngakhale zili choncho, snapshot si nkhokwe yosungirako, chifukwa imadalira disiki yoyamba ija ndipo imakhala pa laputopu yomweyo, moti laputopu ikabedwa kapena disiki yake ikafa zonse zimapita pamodzi. Kusunga kwenikweni ndi kutulutsa VM yonse kukhala fayilo imodzi ya mtundu wa OVA n'kuiika pa disiki ina yakunja, ndipo fayilo yomweyo ndi imene mphunzitsi angagawire kalasi yonse pa fulashi kuti aliyense ayambe ndi makonzedwe ofanana popanda kugula bando.

Malire a chitetezo ndi lamulo

Khoma lolekanitsa mlendo ndi wolandira ndi lolimba, koma chosankha chilichonse chopeputsa ntchito chimaboola khomo pakhomalo. Foda yogawana, kukopera mawu kuchokera ku kompyuta ina kupita ku inzake, ndi kulumikiza fulashi kwa mlendo, zonsezi ndi njira zimene vairasi ingadutsire, ndipo amene akutsegula fayilo yokayikitsa mu VM ayenera kuyamba watseka makomo onsewa, kuzula netiweki, ndi kutenga snapshot. Hypervisor nayonso imakhala ndi zolakwika zake, monga zinaonekera mu 2015 pamene vuto lotchedwa VENOM linapezeka m'gawo loyerekezera floppy disk la pulogalamu yoyerekezera makompyuta yotchedwa QEMU, n'kukhudzanso Xen, KVM ndi VirtualBox, ndipo ichi n'chifukwa chake pulogalamuyi iyenera kusinthidwa mtundu watsopano ukatuluka.

Ophunzira za chitetezo cha makompyuta amakonda kuika Kali Linux, sisitimu yokhala ndi zida zofufuzira mabowo a chitetezo, mu VM imodzi, ndi Metasploitable, sisitimu yopangidwa dala ndi mabowo kuti anthu aphunzirirepo, mu VM ina. Makina awiriwa ayenera kukhala pa Host-only kapena pa Internal Network, osati pa Bridged, chifukwa pa Bridged sisitimu yamabowoyo imaonekera kwa aliyense wa pa Wi-Fi imeneyo, ndiponso zida zofufuzira zikhoza kugunda mafoni ndi makompyuta a anthu ena. Kulowa m'kompyuta ya munthu wina popanda chilolezo ndi mlandu ku Zambia, monga linanenera lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act la 2021, limene mu 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri, lina la chitetezo ndi lina la milandu. Nkhani ya ziphaso nayonso siithera pa khomo la VM, popeza Windows yoikidwa mwa mlendo imafuna laisensi yakeyake, ndipo Extension Pack ya VirtualBox ndi yaulere kwa wogwiritsa ntchito payekha kapena pa maphunziro, koma osati pa bizinesi.

Kuchokera pa laputopu kufika ku seva ya lendi

Mbali yaikulu ya zimene masiku ano zimatchedwa cloud ndi ma VM obwereketsa, oyenda pa maseva a m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta. Amazon inayamba kubwereketsa ma VM mu 2006, Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, ndipo ku Zambia kampani ya boma ya Infratel imayendetsa malo osungira deta ndi kubwereketsa maseva. Munthu wobwereka VM kumalo amenewa amafunsidwa mafunso omwe VirtualBox imafunsa: mapurosesa angati, RAM yochuluka bwanji, disiki yaikulu bwanji, ndi makomo ati a netiweki amene atsegulidwe.

Kusiyana kwake n'kwakuti pa seva ya lendi yankho lililonse lili ndi mtengo wake pa ola kapena pa mwezi, ndipo makampani akunja amawerengera mtengowo m'madola. Wophunzira amene anazolowera kuyang'ana Task Manager asanapereke RAM, amene amayamba ndi zochepa n'kuwonjezera pokhapokha ntchito ikasonyeza kuti zikuchepa, ndiponso amene amalemba m'kope makonzedwe a VM iliyonse pamodzi ndi chifukwa chimene anawasankhira, amakhala ataphunzira kale mbali yovuta ya ntchito ya woyang'anira maseva. Malo ngati BongoHive, amene akhala akusonkhanitsa achinyamata a luso la makompyuta mu Lusaka kuyambira 2011, ndi makampani amene amalemba anthu ntchito zoterezi, amakumana ndi ambiri odziwa kudina mabatani a pulogalamu, koma woyang'anira amene bungwe lingamudalire ndi amene angafotokoze chifukwa chimene seva inayake yapatsidwa 2 GB osati 8 GB, ndi chimene chidzachitike ku deta yake magetsi akazima ili pakati polemba.